Mapapo a Tadi

Vingunguti, Dar es Salaam
3 Malichi 2025

Kate mwana wanga,

Landira moni wochokera kwa ine bambo ako Saulos ndi kwa amayi ako. Kaya iwe wadzuka bwanji kumeneko ku Lilongwe, ndi ntchito yako yatsopano ya uphunzitsiyo. Ife kuno tilipo, kupatula kutentha.

Kalatayi akulemba ndi a Eliya, mkulu wa mpingo wathu, amene abwera kuchokera ku Magomeni. Ine ndikunena, iwo akulemba, ndipo akamaliza aijambula ndi foni yawo n'kukutumizira. Unati tizingoyankhulana pafoni. Pafoni ine sindimva bwino, ndiye ndimakuwa, ndipo ndikakuwa nyumba ya lendi yonse ino imamva, mpaka a Zubeda a chipinda chakumapeto amayamba kuyankha m'malo mwako. Nkhani ya banja imafuna pepala.

Mwana wako Tadi ali bwino. Wanenepa. Chichewa akumva koma akuyankha m'Chiswahili, monga unkachitira iwe uli ngati iyeyo. Pepala lake lolowera m'dziko muno lija linatha mu Disembala, koma mwana wa zaka zitatu palibe amene amamuimitsa pamsewu.

Dzulo titaweruka kutchalitchi anatichititsa kanthu kakang'ono. Ndinagula palafini wa nyali, popeza magetsi akuvuta, ndipo wogulitsayo anandithirira m'botolo la soda. Botololo ndinaliika pansi pa tebulo. Tadi analipeza. Sanamwe wambiri, pakuti palafini sakoma. Amayi ako anakuwa, koma ine sindinataye nthawi. Ndinamuika pamaondo, ndinamulowetsa chala kukhosi, anasanza kawiri, kenako ndinamumwetsa mkaka. A Zubeda ankafuna timupatse mafuta ophikira, ine ndinakana, chifukwa zimenezo ndi zachikale.

Lero akutsokomola pang'ono ndipo thupi lafunda. Ameneyo ndi palafini wotsala akutuluka. Ndakuuza izi osati kuti udandaule, koma kuti udziwe kuti mwana unamusiya m'manja mwa anthu odziwa.

Tiuze ngati nyumba waipeza, ndipo ngati ili ndi khonde.

Ndine bambo ako,
Saulos

Lilongwe
4 Malichi

Bambo,

Shikamoo. Kalata yanu ndaiona lero masana, foni inali yozima kusukulu.

Ndaimbira amayi pompano. Iwo samayankhula zomveka, koma kumbuyo kwawo ndimamumva Tadi. Bambo, kutsokomola kumene ndamva kuja si kwapang'ono ayi. Chonde mupite naye kuchipatala lero lomwe, musadikire kuti kuche. Mukafika mukawauze zonse, za botolo, za palafini, za kusanza, za mkaka.

Ine ndikufuna kunyamuka, koma pasipoti yanga inatha ndipo sindinaikonzetse. Mawa ndikafunsa za pepala loyendera mwadzidzidzi.

Nyumba ndaipeza. Khonde ilibe.

Mwana wanu,
Kate

Vingunguti
6 Malichi

Kate,

Moni kwa iwe. Ife tilipo. Za khonde tamva, munthu amazolowera.

Kalata yako a Eliya andiwerengera lero. Kuchipatala tinapita Lachiwiri lomwelo, kalata yako isanafike. Ndikufuna zimenezi zilembedwe bwino: tinaganiza tokha.

Chimene chinatinyamulitsa ndi kapumidwe. Mwanayo ankapuma mothamanga ngati wathamangitsidwa ndi galu, chikhalirecho ali pamphasa. Akakoka mpweya, khungu la pakati pa nthiti linkalowa m'kati, mphuno zikutambasuka, ndipo pomaliza pa mpweya uliwonse ankabuula pang'ono. Milomo inasanduka ngati phulusa. Phala anakana. Ngakhale soda anakana.

Tinakwera bajaji, njinga yamoto ya matayala atatu ija, mpaka ku zahanati, kachipatala kathu kapafupi kaja. Nesi anamupana chala ndi kachipangizo kooneka ngati chopanira zovala, kamene kamaonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi. Ataona nambala yake anasiya tiyi. Anatikweza ambulansi kupita kuchipatala chachikulu. Pamsewu magalimoto onse ankatipatukira, ngakhale madaladala, maminibasi athu aja. Chibwerere changa mumzinda muno daladala inali isanandipatukirepo.

Kumeneko anamuika chophimba kumaso chopereka mpweya, anamutenga magazi, anamujambula m'chifuwa. Amene akumuona ndi Dokotala Nasma, mtsikana wa msinkhu wako, waulemu ndithu. Anandipatsa shikamoo, moni wopatsa akuluakulu uja, asanandifunse kanthu. Kenako anatulutsa cholembera.

Anati, ponditchula agogo m'Chiswahili, "Babu, mwanayu wakhala akudwala kuyambira kale?"

Ndinati hapana, ayi.

"M'nyumba muli wina wotsokomola?"

Hapana.

"M'sabata ino, anagwapo m'madzi? Anatsamwapo ndi chakudya? Anapumapo utsi, kapena kumwa chinthu chosayenera?"

Hapana.

Amayi ako anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana khoma. A dokotala analemba, ndipo anati pakadali pano akuganiza kuti ndi chibayo. Ayamba kumubaya mankhwala ake.

Udzafunsa chifukwa chake. Palafini anatuluka Lamulungu, ndinamuona ndi maso anga pasimenti, ndipo amayi ako anakolopa. Nkhani imene inatha sitiitengera kwa munthu wogwira cholembera.

Usavutike ndi ulendo. Ana a sukulu akudikira.

Bambo ako,
Saulos

Lilongwe
6 Malichi

Bambo,

Ndawerenga katatu kuti mwina a Eliya analemba molakwitsa. Dokotala anakufunsani ngati mwana anamwa chinthu, inu n'kuyankha kuti ayi?

Ndayesa kuimba kuchipatalako, akungondipatsira uyu ndi uyu, a Nasma sindikuwapeza. Amayi akangomva mawu anga akulira, kenako akuti, "Funsa bambo ako." Ndiye ndikufunsani. Mukubisiranji? Palibe amene akukuimbani mlandu. Ana amamwa zinthu. Ineyo ndinamezapo batani m'nyumba yomweyo.

Mawa m'mawa mukawauze. Pepala langa akuti lituluka sabata ya mawa.

Kate

Vingunguti
8 Malichi

Kate mwana wanga,

Moni. Kalata yako inalibe moni, koma taimva. Batani lija ndikulikumbuka. Linatuluka lokha, ndipo sitinauze boma.

Ndiyambe ndi Tadi. Mankhwala a chibayo sanagwire. Lachinayi anamusamutsira ku chipinda cha odwala kwambiri, kumene munthu umalowa utavula nsapato, utavala chovala chawo. Amugoneka tulo ndi mankhwala, amulowetsa paipi kukamwa, ndipo makina ndi amene akumupumira. Sakumva kupweteka, atero. Madzi akumupatsa moyeza. Amayi ako anabweretsa msuzi wa mafupa, unabwerera, ndinamwa ine.

Dokotala Nasma anatikhazika pansi natifotokozera. Ndiyesa kunena monga ananenera, a Eliya andikonze ndikaphonya, popeza analipo. Akuti matendawa ali ndi dzina lalitali lachingerezi, amalidula ndi zilembo zinayi, ARDS. Akuti palibe magazi amene ungayeze n'kunena kuti ndi amenewa. Amawadziwa posonkhanitsa zinthu. Kubanikako kunabwera mwadzidzidzi. Chithunzi cha m'chifuwa, chimene chimayenera kuoneka chakuda pamene pali mpweya, chayera mbali zonse ziwiri. Mpweya akumupatsa wambiri koma wolowa m'magazi ndi wochepa, ndipo iwo amayerekeza ziwirizi ndi masamu awo. Anayezanso mtima ndi chipangizo chopaka mafuta oterera, chifukwa akuti mtima wofooka nawonso umadzaza madzi m'mapapo. Mtima wa Tadi anaupeza wabwino. Ndinawauza kuti kwathu mitima ndi yotero.

Chimene chikuwasowetsa mtendere n'chakuti matendawa sabwera okha. Akuti pamakhala chinthu chimene chinavulaza mapapo m'sabata imodzi yapitayo. Iwo amati ndi chibayo, koma kachilombo kake sakukapeza. Malungo alibe. Tsopano akufufuza chifuwa chachikulu, ndipo akukambirana zomuyambitsa mankhwala ena amphamvu. Anandifunsanso funso lija. Ndinayankhanso yankho lija.

Tsopano ndikuyankhe iwe. Unabadwira kuno koma unaphunzira, ndiye zina sunazione. Ine ndinabwera mumzinda muno ndili mnyamata, ndagwira ntchito kophera ng'ombe mpaka tsitsi layera, ndipo sindinagonepo m'manja mwa boma. Chinandisunga ndi chimodzi: munthu wakwina akafunsidwa ndi wogwira cholembera, amayankha mwachidule. Hapana. Hakuna shida, palibe vuto. Umamukumbuka Nicholaus wosoka nsapato? Anapita ku ofesi kukadandaula za mpope wa madzi, anafotokoza bwino kwambiri, anafunsidwa kwawo, ndipo anakwezedwa basi ya kumalire nsapato za anthu zili pabenchi. Zanga zinali pomwepo.

Mwana akamwa poizoni, chipatala chimalemba. Chikalemba, kumabwera apolisi. Apolisi akabwera safunsa za palafini yekha. Afunsa mwanayu ndi wa ndani, analowa liti, pepala lake lili kuti. Afunsanso mapepala anga, amene ali m'malo monga mmene alili. Ukufuna amuchotse pamakina n'kumukweza basi?

Ndikuteteza mwana wako. Ukadzakula udzamvetsa.

Bambo ako,
Saulos

Kate, ndine Eliya, izi sananene iwo. Bambo ako sakudya, msuzi uja anangoulawa. Pabenchi ya kuchipatala amafika woyamba. Unandipempha pafoni kuti ndikawauze a dokotala ineyo. Mwana wanga, nkhani ya m'nyumba ya munthu mwini wake ali pomwepo sindingaidumphe. Komanso za Nicholaus ndi zoona, ndinamuperekeza ndine.

Lilongwe
8 Malichi

Bambo,

Moni, popeza mumaufuna.

Ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndinakula kale, ndipo sindikumvetsa. Nicholaus ali moyo ku Karonga, akusoka nsapato, ana ake ndimacheza nawo pafoni. Ngati apolisi akubwera, abwere. Andimange ine, pepala la Tadi ndinalilekerera ndine. Mwana wopanda mapepala ndingathe kumunyamula kupita naye kulikonse, bola akupuma.

Anthuwo akufufuza chinthu chimene inu mukuchidziwa. Amupatsa mankhwala a matenda amene alibe, inu muli pabenchi panja.

Munandiphunzitsa kuti nyama yodwala sitiibisa kwa woyeza, ngakhale mwini ng'ombe alire. Munkanena zimenezi tikudya, mpaka tinkatopa nazo.

Sindilembanso mpaka mutawauza.

Kate

Vingunguti
11 Malichi

Kate,

Moni. Wati sulembanso. Ine sindinalonjeze zimenezo.

Lamulungu nditalowa ndinapeza Tadi amugoneka chafufumimba, nkhope itayang'ana kumbali, paipi ili pomwepo. Sindinakondwe. Ndinafunsa nesi ngati umu ndi mmene amagonekera ana a anthu. Nesi anaitana Dokotala Nasma.

A dokotala sanakwiye. Ananditengera pakompyuta nandionetsa chithunzi chatsopano. Chinali choyera kuposa choyamba chija. Anati, "Babu, mapapo ali ndi timatumba ting'onoting'ono ta mpweya. Mwa Tadi timatumbato tadzaza madzi, tina tafota. Mapapo alemera ndipo alimba. Akagona chagada, kulemerako kumapsinja mbali ya kumsana. Tikamutembenuza, mbali imeneyo imatseguka pang'ono."

Iwe ukudziwa kuti ntchito yanga inali ya zam'kati. Ng'ombe ikang'ambidwa, mapapo ankabwera kwa ine, ine n'kuwaika patebulo la woyeza nyama. Mapapo abwino sulakwitsa. Ndi ofewa, opepuka, dzanja limodzi limakwana, ukawaponya m'ndowa amayandama. Koma ankabwera ena amene usanawayang'ane n'komwe, mkono wakuuza kale. Olemera. Ukawadina chala sabwerera. Ukawacheka amatuluka thovu. M'ndowa amamira.

Ndinafunsa kuti, "Alimba ngati chiwindi?"

Anati, "Pafupifupi, babu. Mwadziwa bwanji?"

Ndinati ndinkagwira ntchito kophera ng'ombe ku Vingunguti.

Sindinafunsenso china. Mapapo otero woyeza sankawadinda chidindo. Ndinkawanyamula ndine kukawataya kudzenje. Masiku onsewa ankandiuza manambala, ndipo manambala ine sandilowa. Koma kulemera kumeneko ndimakudziwa m'dzanja ili.

Ndinapita kunyumba. Ndinatenga chikwama cha buluu chija, ndinaikamo bulangete, sopo, mswachi, Baibulo ngakhale sindiwerenga, ndi malaya awiri. Ndinauza amayi ako pamene pali kiyi wa sutikesi. Ndinatsanzika a Zubeda, amene anaganiza kuti ndikupita ku Malawi ndipo anandituma nsomba zouma. Lolemba m'mawa ndinavala jekete la kutchalitchi, ndinaika botolo lija m'thumba, palafini wotsala ali momwemo, ndipo ndinakwera daladala.

Ndinadikira a dokotala pakhomo. Atafika ndinaika botolo patebulo lawo ndipo ndinati, "Funso lija mundifunsenso."

Anatsegula botolo, ananunkhiza, anatseka. Anafunsa kuti linali liti. Ndinati Lamulungu lija, masiku asanu ndi atatu apitawo, titaweruka. Anafunsa ngati anasanza. Ndinati kawiri, ndipo ndinamusanzitsa ndine, msanga, ndi chala ichi.

Apa ndinena zimene ananena iwo, monga ananenera. Akuti palafini akafika m'mimba, nthawi zambiri amangodutsa. Choopsa ndi pamene akubwerera kukhosi, chifukwa ndi wopyapyala, amaterereka n'kulowa njira ya mpweya, ndipo ngakhale pang'ono pokha amawotcha mapapo. Akuti mwina analowa pomwe ankamwa paja, mwina posanza, sangathe kudziwa. Koma mwana womwa palafini sasanzitsidwa, sapatsidwa mkaka, amangothamangira naye kuchipatala. A Eliya, lembani choncho, musachepetse.

Kenako anati, "Tsopano zikugwirizana. Babu, mukanatiuza tsiku loyamba." Anangonena kamodzi. Anaitana anzake, analankhula chingerezi mofulumira, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu aja anawasiya asanayambe. Ndinafunsa kuti ndiye mankhwala a palafini ndi ati. Anati palibe. Makina amupumira mosamala, osakankha mwamphamvu, mpaka mapapo adzichiritse okha. Akuti mapapo a ana amatha kutero. Sanalonjeze.

Zonsezi analemba. Ndinaona cholembera chikuyenda.

Ndinatuluka, ndinakhala pabenchi chikwama chili pamaondo, kudikira apolisi. Ndinakhala mpaka dzuwa linapendeka. Kunabwera mayi wina wa ofesi yoona za ana, anandifunsa kumene timasunga palafini, anandiuza kuti azikhala pamwamba ndipo asamakhale m'botolo la chakumwa. Ndinati ndamva. Ndinadikira funso lachiwiri. Anati, "Pole sana, babu," n'kumapita. Kunadutsa wapolisi mmodzi, ndinaimirira, koma anali ndi mkazi wake woyembekezera.

Lero ndapitanso ndi chikwamacho. Sanabwerebe. Sindikudziwa kuti ntchito akugwira bwanji masiku ano.

Tadi ali chimodzimodzi. Sanatsike, sanakwere.

Bambo ako,
Saulos

Lilongwe
14 Malichi

Bambo,

Shikamoo.

Zikomo. Ndinawerengera kalata yanu kuseri kwa kalasi, ana anandipeza ndikulira, ndinawauza kuti ndi choko.

Pepala latuluka lero. Basi inyamuka Lamulungu, ndikafika pasiteshoni ya ku Mbezi Lachiwiri ngati kumalire sikuchedwetsa. A Eliya andipatsa nambala ya nesi wina, akuti dzulo atsitsa mpweya wa makina pang'ono. Ndi zoona? Inu munene, chifukwa inu simuwonjezera.

Muwauze a Zubeda kuti nsomba zawo ndagula ine.

Chikwamacho mumasule, Bambo. Ndipo mudye.

Mwana wanu,
Kate

Vingunguti
17 Malichi

Kate mwana wanga,

Moni kwa iwe pamene uli, kaya ndi pamalire kaya mwadutsa. A Eliya akuti kalatayi ikupeza m'basi. Uwerenge utakhala pansi. Akuti m'basi anthu amakhala pansi kale. Chabwino, asafufute.

Za mpweya zinali zoona. Ankatsitsa pang'onopang'ono, akuyang'ana kachipangizo ka pachala kaja, ndipo nambala sinagwe. Chithunzi cha Loweruka chinayamba kuda m'mwamba. Sindinaganizepo kuti ndidzakondwera ndi chinthu chifukwa chada. Lero m'mawa achotsa paipi. Tadi watsala ndi timapaipi tating'ono ta m'mphuno.

Mawu ake ndi osasa ngati a munthu wosuta fodya. Amayi ako anawerama kuti amve chimene anene poyamba, poganiza kuti aitana iwe kapena iwo. Tadi anati, "Soda." Nesi anaseka. Ine sindinaseke. Ndamuuza Tadi kuti kwathu soda inatha, ndipo palafini tsopano amakhala m'chigubu chachitsulo pamwamba pa kabati, pamene ngakhale ine ndimafika ndi mpando.

Dzulo kutchalitchi, itafika nthawi ya zolengeza, ndinaimirira ndipo ndinauza mpingo za kusanzitsa. Ndinanena kuti ndi malangizo a chipatala. Amene anafunsa kuti ndazidziwa bwanji, ndinawayankha mwachidule.

Dokotala Nasma akuti Tadi akhalabe m'chipatala masiku ena, ndipo akatuluka azipita kukaonedwa, chifukwa mapapo amachira mochedwa kuposa nkhope. Akufuna kukuona. Ukafika uwapatse moni wabwino. Chikwama sindinamasule, chili kuseri kwa chitseko. Boma limachedwa koma siliiwala.

Ku Mbezi akakuchingamira ndi a Eliya. Ine ndikhala kuno.

Chotsala ndi ichi. Masana anamukhazika tsonga kuti atsokomole, ndipo nesi anati wina amugwirizize kumsana. Amayi ako anali atapita kukasamba. Ndinasamba m'manja kawiri ndipo ndinaika dzanja langa pansi pa phewa lake. A dokotala anandipatsa chomvera chawo chija kuti ndimve mmene mpweya ukulowera. Ndinachiika m'makutu mwaulemu, koma iwe ukudziwa makutu anga. Ndinawabwezera, ndinangosiya dzanja pomwepo.

Linkakwera, linkatsika.

Mapapo ndagwira ambiri, Kate, kuposa munthu aliyense m'chipatala chimenecho. Koma onsewo ankandipeza ntchito yawo itatha. Awa ndi oyamba kuwagwira mwini wake ali nawo m'kati.

Akupepuka.

Ndine bambo ako,
Saulos